Njinga Yathu Ili M'limba

Lolemba m'mawa

Anamwino a kusikelo anati ndizilemba masupuni a phala amene Tadala akudya tsiku lililonse, Lachisanu ndikawaonetse. Kope ndi ili, lotsala la Sitandade 7. Ndayamba.

Phala la m'mawa: masupuni awiri. Yachitatu walavulira pachitenje changa.

Mwana wa miyezi isanu ndi itatu, akangoona supuni milomo tseke ngati chitseko cha golosale. Kuyamwa akuyamwa, koma phala ayi. Mzere wa m'buku lake la sikelo wagona miyezi iwiri osakwera. Anamwino anauloza ndi cholembera n'kunena kuti, "Mayi, Lachisanu ukapezeka chigonere, tikutumizani kuchipatala cha kuboma mukagone naye." Ndinakuonako kumeneko pamene mlamu anadwalitsa mwana. Ana timikono ngati mapesi. Sindikufuna.

Ndiye Lachisanu ndiyenera kukafika m'mawa, asanatsitse sikelo pamtengo. Wapansi ndi maola atatu, mwana kumsana, mphepo ino. Panjinga ola limodzi silikwana.

Njinga tili nayo. Ili m'limba.

Ndilembe bwino, mwina anamwino awerenga n'kuyesa kuti ndazungulira mutu. Bambo a Tadala ali m'kagulu kopanga limba. Alipo atatu: iwowo, a Mbewe aphunzitsi opuma, ndi a Zulu a kutsidya kwa malire amene amayenda ndi chikwama cha zitsulo. Fodya atangopita kumsika, chigafa chathu chinasanduka fakitale. Limba lake si lamagetsi ayi, ndi lampweya. Mapaipi a nsungwi ndi a pulasitiki aima mondondozana, pansi pali mvukuto wa chikopa cha mbuzi, kutsogolo chipika chozungulira chokhomedwa misomali. Chipika chikazungulira, msomali ukankha kawaya, kawaya katsegula paipi, paipi ilira. Akuti likatha liziimba lokha nyimbo ya kutchalitchi, munthu ntchito yake kupalasa basi.

Kupalasa chiyani? Njinga yathu!

Zimene ndaona ndi maso angawa:
- fulemu ndi chishalo: akhomerera pathabwa
- tcheni ndi mapedulo: zikupukusa chipika ndi mvukuto
- tayala lakumbuyo: lili m'malere, lopanda mpira
- tayala lakutsogolo: latsamira khoma, masipoko ena mulibe
- belu: sindikudziwa

Lolemba masana

Ndawafunsa mwaulemu, nditagwada, madzi osamba m'manja nditawapatsa kale. Ati, "Njinga ilipo, amake Tadala. Yangosintha ntchito." Limba liyenera kukalira Lamulungu pabwalo la tchalitchi mapemphero akatha, analengeza kale, ndipo Lolemba njinga adzaimanganso ngati yatsopano.

Ndati Lachisanu limabwera Lamulungu lisanafike. Awerenga ndi zala, avomereza. Kenaka ati tiona.

"Tiona" wa mwamuna ndi "ayi" wovala jekete.

Si kuti mwana samukonda. Dzulo amuyendetsa pakhomo ponse akumuimbira kuti adye. Koma mutu wawo muli mapaipi. Akamagona zala zimagwedezeka ngati akuwerenga misomali.

Pulani yanga:
1. Kubwereka njinga.
2. Zikakanika, kukatenga yathu ndekha, chitsulo chimodzichimodzi.
3. Zikakanika, pali njira ina. Sindilemba kaye.

Phala la masana: supuni imodzi. La madzulo: ziwiri. Lachisanu ndikwera njinga, zivute zitani.

Lachiwiri m'mawa

Phala: masupuni awiri, ndi nsinjiro zomwe.

Ndayenda makomo atatu kubwereka njinga.

Khomo loyamba: akuti yaphwa. Ndikuiona itatsamira nkhokwe, matayala ali gwa ngati maungu.

Khomo lachiwiri: atandiona patali ailowetsa kuchipinda. Ndamva ndi loko yomwe.

Khomo lachitatu, kwa mkulu wa mpingo, sanandinamize. Ati, "Mwana wanga, njinga ikalowa pakhomo panu imatuluka ikuimba." Kani ya a Mbewe inalowa m'limba loyamba chaka chatha, lija linadyedwa ndi chiswe. Mpaka lero akuyenda wapansi, ndipo akuti miyendo yawo yapepuka.

Akabaza ali ku Kamwendo. Kuti ndikawapeze ndiye kuti kusikelo ndadutsa kale.

Nambala wani yafa. Nambala thu!

Lachiwiri masana

Ndadikira onse atatu apite kumjigo kukanyika chikopa. Anyamulira m'beseni losambitsira Tadala, osafunsa. Ndalowa m'chigafa mozemba ngati ndikuba kwa eni. Chigafa cha kwathu, njinga yathu!

Tcheni ndachotsa. Zala zonse bii ndi girisi. Ndachibisa m'nkhokwe, pansi pa chimanga.

Chubu ndachipeza, koma si chubu. Achidula tizidutswa tozungulira ngati mabatani, totsekera mpweya kunsi kwa mapaipi. Ndawerenga makumi awiri ndi tinayi, ndasiya. Palibe zigamba zimene zingabweze chimenecho. Komabe kudenga kuli chubu chakale, chiboo chimodzi chokha. Chimatika.

Abwerako. Ndili pakhonde ndikupeta, khutu lili kuchigafa. Kenaka mawu a a Zulu: "Osavutika, mulamu, ni nkhani ing'ono chabe." Atsegula chikwama. Muli matcheni asanu!

Pofika dzuwa lapendeka, chipika chikuzunguliranso.

Zimene ndili nazo: tcheni.
Zimene ndilibe: njinga.

Beseni labwera likununkha mbuzi. Ndatsuka katatu ndi phulusa.

Phala la masana: wakana lonse, wagubuduza mbale. La madzulo: masupuni atatu, koma ndachita kumutsina mphuno ndipo ndalira ine m'malo mwa iye. Pomusambitsa ndawerenga nthiti. Sindilemba nambala yake.

Mawa nambala fili. Mulungu andikhululukire.

Lachitatu m'mawa

Nambala fili ndi amayi anga.

Bambo a Tadala ndi mkamwini pano. Nyumba ya amayi ili patsidya pa kanjira. Zaka zitatu tili pabanja, koma nkhope ya apongozi awo sakuidziwa bwino, amangodziwa chitenje ndi kayendedwe. Akawaona akubwera amapatukira kutchire. Chaka chatha anapatukira m'chitedze, anadzikanda masiku awiri, koma ulemu anausunga. Denga limodzi ndi amayi sangakhale, ngakhale mvula ya matalala.

Ndiye amayi akakhala m'chigafa, ntchito yaima. Ntchito ikaima, njinga ibwera.

Ndapita ndi Tadala kukawadzutsa. Ndati amayi, pakhonde panu pakuomba mphepo, mtedza wanuwu bwanji osakasendera m'chigafa muja, muli phee. Andiyang'ana nthawi yaitali. Amayi sapusitsika. Koma anyamula lichero ndi kathumba ka mtedza.

Zatheka! Atangoti "odi" pakhomo la chigafa, hamala yagwa. Bambo a Tadala atulukira kumbuyo, kumene kulibe khomo. Tsopano kuli khomo.

Lachitatu masana

Ali kuseri kwa bafa, akhala pamwala, chipewa m'manja. Andiitana ndi kamluzu. Ati amva, alakwa, mawa m'mawa njinga aimanga yonse, masipoko abwereka m'chikwama cha a Zulu, chubu chakudenga amata. Limba azipukusa ndi manja. Chachikulu ndiwachotsere amayi.

Ndati ndiona.

Ndapambana! Ndavina pang'ono kukhitchini, ndekha.

Phala la masana ndakadyetsera m'chigafa momwemo kuti ndiziona zochitika. A Mbewe, uphunzitsi sutha, aima pamaso pa amayi akuwafotokozera paipi iliyonse ndi kandodo. Amayi manja akusenda, maso ali pachishalo. Afunsa kuti nanga opalasa athawa, chimenechi chilira bwanji. A Mbewe ati bondo lawo ndi lovuta. A Zulu ati iwo ayenera kugwira mawaya.

Amayi asansa makoko, amanga chitenje, akwera.

Abale! Amayi anga, a zaka zawo! Miyendo ikungozungulira ngati mtsikana. Mvukuto wafufuma, chipika chayenda, mapaipi ayamba: tswii, fyoo, ena mpweya wokhawokha. Ndiye yalira yaikulu ya kumapeto, yapulasitiki, yaitali kuposa a Zulu. Mooo! Ngati ng'ombe imene aitengera mwana. Nkhuku zabalalika.

Tadala maso tong'o, kukamwa yasa. Supuni inali kale m'manja, ndangolowetsa. Wameza osadziwa. Yaliranso, wayasamanso, ndalowetsanso.

Masupuni asanu ndi awiri. Mwina ndi mwangozi. Mwina ndi nsinjiro zatsopano.

Amayi atsika thukuta lili kamukamu, akuseka mano onse. Sindinawaone akuseka chotero chimwalirire bambo.

Madzulo ndawauza kuti mawa mphepo ikhala yochepa, atha kusendera kwawo. Ati, "Tiona."

Lachinayi m'mawa

Bambo a Tadala adzuka tambala wachiwiri, sipanala m'manja, chubu chomata paphewa. Afika pachigafa, abwerera chothamanga.

Amayi alimo kale. Asesa. Ayala mphasa. Abweretsa ketulo, mbaula, ndi matumba atatu a mtedza. ATATU. Ndi kasendedwe ka dzulo, afika nawo Khirisimasi.

Phala la m'mawa kunyumba: supuni imodzi.

Ndayesa izi:
- Ndati mbuzi zawo zalowa m'dimba la eni. Ati mbuzi zawo amangirira okha.
- Ndati kwabwera alendo. Ati abwere kuno, adzamve.
- Ndanena zoona zonse, nditagwada.

Ati ankadziwa kuyambira dzulo. Ati, "Unandiika pano ngati chiopsezo cha mbalame m'munda wa mapira. Ndiye mbalame zathawa, mapira ndawakonda ine."

Kuthamangitsa mayi ako m'chigafa chimene chili pamalo awo, ungayambire pati?

Lachinayi masana

Njira yatsala imodzi: ndimasule ndekha, bambo a Tadala azindiuza ali panja. Agwada kuseri kwa khoma laudzu, ine mkati ndi sipanala. Ndangogwira nati yoyamba, amayi ayamba kupalasa. Akuti akutenthetsa mawondo.

Kuseri kwa khoma kwamveka kubuula. Akuti paipi yachinayi ikutaya mpweya, sangathe kuganiza za njinga ikulira chotero, ndiyambe ndamata imeneyo ndi phula la njuchi. Ndamata. Akuti kawaya ka yachisanu ndi chimodzi kapindika. Ndawongola. Akuti msomali wachitatu pamzere wapakati walowa kwambiri. Ndauzula pang'ono ndi pulayala.

Ndipo kulankhulana kwake! Atalikirana mikono iwiri, akumvana bwinobwino, koma zonse zidzere mwa ine.

"Amake Tadala, muwapemphe amayi achepetseko liwiro."

"Uwauze apongozi kuti misomali yawo ndi imene ikuchedwa."

Ine khosi uku, khosi uko, mwana kumsana, phula m'zikhadabo. A Mbewe akuti ndili ndi dzanja labwino. Sindinapemphe dzanja labwino, ndinapempha njinga.

Dzuwa lafika pamutu, nati ndi yomwe ija, imodzi, ndiponso ndinaimanga m'malo momasula.

Ndakwiya. Ndati basi, aliyense atsike, mawa ndi sikelo. Amayi sanatsike. Ati njingayi anagula ndi malemu bambo, ife anangotipatsa paukwati. Ananyamulira chimanga mpaka kumalire, ananyamulira odwala, ananyamulira bambo ulendo wawo womaliza wa kuchipatala.

"Zaka zonsezo ndikuipalasa, sinandiimbirepo. Lero yayamba, ndiye uimasule?"

Ndaika sipanala pansi.

Kenaka ati nditenge phala. Ati kusikelo sakayeza njinga, akayeza mwana.

Ndatenga. Paipi yaikulu ija amayi aitcha Ng'ombe. Ikalira, Tadala kukamwa yasa. Mapaipi enawo alibe nawo ntchito, amangodikira Ng'ombe. Nyimbo ikazungulira kamodzi, Ng'ombe imalira kasanu ndi kamodzi.

Masana: masupuni khumi ndi awiri.
Madzulo: khumi ndi asanu ndi atatu! Wabzola. Wagona mimba ili tantha.

Si nsinjiro.

Njinga mawa palibe. Koma sindinagonje, ndangosuntha tsiku. Patapata ndatsuka, phala ndiphika m'bandakucha.

Lachisanu

Ndikulemba miyendo ili m'beseni la madzi otentha, lija lonunkha mbuzi.

Tanyamuka kukuyera. Ine Tadala kumsana, kambale ka phala m'chitenje. Bambo a Tadala ati sangandisiye ndekha, aperekeza. Ndatembenuka, ndikuona Ng'ombe ili paphewa pawo. Aizula m'limba. Akuti nanga mwana akadya bwanji panjira.

Maola atatu ndi mwamuna wonyamula paipi. Aliyense wokumana naye funso ndi limodzi: "Mwalandira mjigo kwanu?" Wina watitsatira mpaka pamlatho kufunsa kuti kulembetsa kwake n'kuti.

Njinga zatipitirira khumi ndi imodzi. Ndawerenga. Iliyonse ndaiyang'ana mpaka yazimiririka.

Pamlatho tapuma. Akoka mpweya, masaya tuu, auzira. Mooo! Ng'ombe zenizeni za kudambo zayankha. Masupuni asanu ndi anayi.

Tafika sikelo ikadali pamtengo, koma mzere wautali, ife kumapeto. Mwamuna ndi mmodzi yekha pagulu lonse, ndipo wanyamula paipi. Amayi anzanga akugwirana m'nthiti. Phala linatsala pang'ono. Ndati tisayerekeze pano. Ati supuni iliyonse ikawerengedwa pasikelo. Ndayang'ana Tadala, ndayang'ana mzere, ndati uzirani.

Ana onse a m'boma la Mchinji alira nthawi imodzi. Wanga yekha akudya.

Yafika nthawi. Ndamuvula, ndamuveka kabudula wa sikelo, anamwino andithandiza kukoleka. Muvi wavina, wavina, waima. Sindinayang'ane. Ndayang'ana cholembera.

Kadontho kakwera. Pang'ono, ngati njere ya mapira pamwamba pa ka mwezi watha. Koma kakwera!

Anamwino ati tisasangalale msanga, mwina ayeza phala la m'mimba. Kuboma sitipita lero, koma ndibwerenso pakatha masabata awiri, ndipo akapeza kadontho katsika ndiye palibenso zokambirana. Ndiye ati ndiwapatse kope.

Ndinaiwala kuti ndalembamo zonse. Ndi za chitedze zomwe. Awerenga, aphimba pakamwa ndi buku la sikelo, mapewa akugwedezeka. Aitana anzawo. Ayang'ana bambo a Tadala, ayang'ana paipi. Kenaka akhazika nkhope n'kunena mokweza kuti, "Chilichonse chimene mukuchita kuyambira Lachitatu, musasiye."

Kalanga ine! Bambo a Tadala amva. Aimirira mowongoka ngati alandira mendulo. Ulendo wonse wobwerera akubwereza mawuwo, ndipo atafika awanena kuseri kwa khoma kuti ndikawauze amayi, amene anali atamva kale.

Matuza: awiri kumanzere, limodzi kumanja. Patapata waduka chala.

Madzulo, Ng'ombe itabwerera m'malo mwake: masupuni khumi ndi asanu.

Loweruka m'mawa

Pulani yatsopano, ndipo iyi ndi yanzeru. Mwana safuna limba lonse, akufuna Ng'ombe. Ndiye Lamulungu likadutsa, Ng'ombe izikhala m'nyumba, bambo ake aziuzira ndi pakamwa ngati dzulo, njinga imangidwe. Aliyense apeze chake.

Tayesa pa phala la m'mawa. Auzira kamodzi, kawiri, kasanu, chifuwa chikadali chotopa ndi za dzulo. Kachisanu ndi chimodzi maso atembenuka, agwa chagada ndi mpando womwe, miyendo m'mwamba. Ndawapepesa ndi lichero. Akuti aona nyenyezi ndi malemu agogo awo. Katatu patsiku sangathe, ndingasanduke wamasiye chifukwa cha phala.

Ndayesa ine. Yangoti fuuu. Tadala wandiyang'ana ngati ndamunyoza.

Ndiye pafunika mvukuto. Mvukuto ufuna tcheni. Tcheni chifuna mapedulo. Ndazungulira ndafika pomwe ndinayambira.

Loweruka masana

Mantha abwereranso.

Ndapita kuchigafa ndi phala, amayi apalasa, nthawi ya Ng'ombe yafika, kwamveka mawu osalala, okoma, ngati bambo wa kwaya wodya bwino. A Mbewe akumwetulira. Akuti m'mawa wonse akhala akuikonza, aimata phula pamlomo, tsopano ikugwirizana ndi zinzake.

Tadala milomo tseke. Tazungulira nyimbo katatu. Masupuni awiri, yachiwiri walavula.

Sindinafunse munthu. Ndatenga mpeni wosendera mbatata, ndakwera pathumba la mtedza, ndapala phula lonse. A Mbewe agwira mutu. Ati mayi, zaka ziwiri ndikulota tsiku la mawa, anthu akatiseka, akanena kuti aphunzitsi apanga khola. Ndawamvera chisoni, koma mpeni sindinasiye.

Onse ayang'ana amayi. Amayi ati, "Anthu akaseka, akapita kwawo. Mdzukulu wanga adye."

Kuseri kwa khoma kwamveka kuomba m'manja kwaulemu, katatu.

Mooo! Masupuni khumi ndi anayi. A Mbewe atuluka kukayang'ana mitengo.

Ndikutsuka mbale, ndamva kulira kwa sowo. Ndathamanga. Limba silikukwana pangolo yopita nalo kutchalitchi, latalika ndi chikhatho chimodzi. A Zulu akudula foloko yakutsogolo ya njinga. Wogwirizira fulemu kuti isagwedezeke ndi amayi.

Ndaima. Ndaonerera mpaka chitsulo chagwa.

A Zulu ati, "Iwotcheleka, mulamu." Owotcherera ali ku Kamwendo. Tikapitako pa chiyani?

Lamulungu

Latha.

Ngolo yafika pabwalo la tchalitchi anthu akutuluka. Wopalasa ndi woyang'anira chipika amakhala phewa ndi phewa. Wopalasa ndi amayi, nkhani imeneyo inatha Lachinayi. Ndiye mwini wake amene anakhoma msomali uliwonse sangayandikire. Woyang'anira chipika ndine. Ndani winanso akudziwa kuti kawaya kachisanu ndi chimodzi kamafuna kukankhidwa ndi chala?

Bambo a Tadala akhala kuseri kwa mtengo wa mango, jekete la ukwati, mwana pamiyendo, mbale ya phala pambali. Limba lawo alimva ndi makutu okha.

A Mbewe alankhula mawu otsegulira aatali. Amayi sanadikire kuti amalize.

Nyimbo yamveka ndithu, anthu aizindikira, amayi a chigwirizano ayamba kuimba nawo. Ndiye Ng'ombe. Bwalo lonse lagwa ndi phwete. Mkulu wa mpingo wapukuta misozi ndi tayi. A Mbewe atseka maso ngati akuwabaya jakisoni. Ulendo wachiwiri aseka pang'ono. Wachitatu, abambo a kumbuyo ayamba kuidikira, ikafika onse pamodzi: mooo! Nyimbo itatha kwamveka ngiri ngiri. Belu lathu. Kani lili m'kati, limalira pomaliza.

Aomba m'manja nthawi yaitali. A Mbewe awerama katatu. Tsopano akuuza anthu kuti mawu a Ng'ombe anawaika dala.

Kuseri kwa mango kwatuluka dzanja, likugwedeza mbale yopanda kanthu.

Mabanja awiri apempha limba paukwati mwezi wamawa. Mkulu wa mpingo akuti kunyumba kwake kuli njinga yakale yopanda matayala, mwina ingathandize pa limba lachiwiri. LACHIWIRI. Yopanda matayala!

Tcheni chija ndachifukula m'nkhokwe, ndapereka kwa a Zulu. Tsopano ali ndi asanu ngati kale. A Mbewe akuti kagulu kamakumana Lachiwiri ndi Loweruka, ndisamachedwe. Bambo a Tadala akuganiza zomanga kakhumbi kuseri kwa chigafa, kokhala ndi kazenera koyang'ana kumbali.

Sikelo ina ndi Lachisanu la sabata linalo. Maola atatu kupita, atatu kubwera. Ndawapempha andimangireko patapata ndi kawaya. Apepesa. Waya wabwino yense analowa m'limba.

Chabwino. Phala la madzulo lapsa, ndipo ndikumva chishalo chikulira, amayi akwera kale. Ndikupita.